Utsi wa Foromani Unandiphera Mng'ono Wanga

Inu owerenga, chimene chinandipweteketsa ine ndi mantha. Ndinkaona munthu akupha mng'ono wanga pang'onopang'ono, koma ndinasankha kusunga ntchito.

Ndinabadwira m'komboni ya pafamu ina ya fodya kufupi ndi Marondera, ku Zimbabwe. Makolo athu anachokera ku Malawi kalekale, ndipo atamwalira ndinatsala ndi mng'ono wanga Esinati, amene anali ndi mphumu chibadwire. Tonse tinkagwira ntchito mushedi yosankhiramo fodya. Mawindo a mushedimo sankatsegulidwa, poopa kuti masamba angaume n'kuyamba kuthetheka.

Foromani wathu anali a Zuze. Bamboyu ankasuta chimonera, ndudu yopichira papepala la nyuzi, kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Esinati atakula anamufunsira kuti akhale mkazi wawo wachiwiri, iye n'kukana. Basitu mlandu unali umenewo. Anamusamutsira patebulo la pakona, kutali ndi chitseko, ndipo ankaima pambali pake n'kumamuuzira utsi kumaso. Mwanayo akayamba kubanika, iwo ankaseka amvekere, "Wodyera fodya sadana ndi utsi."

Ndinawachondererapo kamodzi kokha. Anandiyankha kuti famu si ya amayi anga, ngati sindikufuna msewu ndi uwo. Mudziwe kuti ife a m'komboni tinalibe mudzi wobwererako. Ntchito ikatha, nyumba yathanso. Ndinabwerera patebulo langa mwakachetechete, ndipo kwa mzungu mwini famu sindinapiteko.

M'nyengo yozizira, ntchito yosankha ili pachimake, Esinati anagwa mushedi momwemo masamba ali m'manja. Tinamukweza pathirakitala kuthamangira naye kuchipatala, koma anatsirizikira pamiyendo panga tisanafike patala. Pamaliro a Zuze anabwera, anaimba nawo nyimbo za tchalitchi, kenako anakakhala pansi pa mtengo n'kuyatsa chimonera chawo. Ndinawayang'ana ndipo ndinalumbira mumtima kuti bamboyu adzalira ine ndikuona.

Panapita zaka. Kenako tinayamba kumva kwa obwera kuchokera m'tauni kuti kumeneko ayamba kuletsa kusuta m'maofesi, m'zipatala ndi m'mabasi. Amuna a m'komboni ankaseka, ati dziko lolima fodya lingadane bwanji ndi fodya. Koma mwana wa mzungu uja, amene anali atatenga famu, anabwera nawo mwambowo kuchokera ku Harare. Anakhoma chikwangwani pachitseko cha shedi n'kutiuza tonse kuti wopezeka akusuta mkatimo ntchito yake yathera pomwepo.

Anzanga anakondwera kuti apumako bwino. Ine ndinaona kuti mpeni umene ndinkausowa wapezeka.

A Zuze sanasiye. Ankangozembera kuseri kwa mabelo, kumene ankatsamira khoma n'kumasuta mwamtendere. Aliyense ankadziwa, koma palibe ankanena. Ine ndinkawapatsa moni mwaulemu, nthawi zina n'kuwatungira madzi akumwa, kuti asandikayikire. Ndinadikira mpaka tsiku limene mwini famu anabwera ndi alendo kudzawaonetsa fodya wake wabwino. Ndinasiya masamba, ndinapita kukagwada patsogolo pake, n'kunena kuti kumabelo kukutuluka utsi. Anathamangirako alendo ali pambuyo, ndipo anawapeza a Zuze ndudu ili pakamwa, phulusa likugwera pafodya wopita kumsika.

A Zuze anagwada, munthu wa imvi, akuwomba m'manja ndi kulira ngati mwana. Ine ndinaima pafupi kuti andione bwinobwino.

Mawa lake thirakitala inakatula katundu wawo kumsewu waukulu. Ndinapita kukaonerera. Akazi awo, mayi amene anandithandiza kusambitsa mtembo wa Esinati, anali atakhala pamtolo wa zofunda, adzukulu awo atawazungulira. Anandifunsa motsitsa mawu, "Mwanangu, wakhuta tsopano?"

Ndinati, "Sindinakhute, amayi. Amuna anu akupumabe."

Sindinama kuti ndinawamvera chisoni a Zuze. Mpaka lero sindinawakhululukire, ngakhale abusa andiuza kambirimbiri. Chimene chimandidya ndi china: mawu amene ndinakanena kwa mwini famu tsiku lija anali ochepa, ndipo pakamwa ndinali napo Esinati ali moyo. Ndinadikira chikwangwani kuti chindilimbitse mtima, ndipo pamene ndinkalankhula ndinangoonjezera ana ogona pamsewu.

Inu owerenga, mukamva kuti kwanu aletsa kusuta pantchito kapena pagulu, musati n'zachizungu. Alipo anthu amene utsi wanu ukuwafupikitsira moyo, koma akuopa kukuuzani. Ndipo inu amene m'bale wanu akubanika wina akuseka, kanenani lero lomwe. Mukachedwa mudzabwezera ndithu, monga ndinachitira ine, koma pobwerera kunyumba simudzapeza womuuza kuti mwapambana.