Kachipeso ka mu Kompyuta ya Galimoto Yobiriwira

Kuseri kwa msika kuli kashopu kamene chitseko chake chimafuna kuchikankha ndi phewa, ndipo mwini wake ndi mayi wamfupi amene aliyense amawatchula kuti Mayi Mita. Dzinali linabwera chifukwa cha mita yoyezera magetsi imene imalendewera m'khosi mwawo ngati mkanda. Anayamba ndi mawailesi ali mtsikana, kenaka ma TV a chimsana aja, ndipo masiku ano amakaniko amawabweretsera makompyuta a injini za galimoto. Mukawauza kuti chinthu chinafa, amakuyang'anani pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Mwayeza?" Ngati simunayeze, musatayenso malovu anu.

Amuna awo, a Sipanala, anali makaniko wotchuka mpaka sitiroko itawalanda dzanja limodzi ndi mwendo. Pakamwa pokha sinapakhudze, ndipo Mayi Mita amati matendawo anasankha molakwika. Pabwalo la nyumba yawo panali galimoto yakale yobiriwira imene inalera ana onse. Inasiya kulira chaka chomwe mwini wake anadwala, komabe m'mawa uliwonse a Sipanala ankadzikoka ndi ndodo n'kukakhala m'menemo, chitseko chili chotsegula, n'kumapereka moni kwa odutsa. Chimene chinkawadzutsa pabedi chinali chimenecho basi.

Tsiku lina mwana wawo wachisamba, yemwe ali kale ndi banja lake, anafika atamanga nkhope.

"Amayi, chigalimotochi changosanduka nyumba ya makoswe. Ndalankhula ndi ogula zitsulo, abwera ndi lole Loweruka."

Mayi Mita anaona amuna awo akuyang'ana pansi, ndipo mtima unawapweteka zedi.

"Nanga ikalira?" anafunsa mayiwo.

"Ikalira n'kutuluka pageti yokha, a lolewo ndiwabweza ndekha," anatero mwanayo akuseka.

Chokwiyitsa n'chakuti vutolo Mayi Mita ankalidziwa kalekale, koma ntchito za eni ake zinkawachulukira, ya kunyumba n'kumangoti mawa, mawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu! Mu kompyuta ya injiniyo, kapasita ina, kachipangizo kosunga magetsi, inachucha n'kudya kanthu kakuda kooneka ngati kachipeso ka timano khumi. M'kati mwa kachipesoko munamatidwa marezisita angapo, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi, ndipo amene anakapanga sanalembe kuti muli angati kapena ndi aakulu bwanji. Kusitolo kunalibe, ndipo anasiya kalekale kukapanga. Njira inali imodzi yokha: kupeza kachipeso kamoyo, kukayeza dzino ndi dzino mpaka kuzindikira mmene m'katimo munalumikizidwira, kenaka n'kupanga kena ndi marezisita wamba.

Makaniko wina, mnzawo wa a Sipanala, anali ndi galimoto ya mtundu womwewo yoyenda bwinobwino. Anawabwereka kompyuta yake, koma anachita kugwira Mayi Mita pamkono: "Alamu, ibwerere monga yapitira. Ineyo ndi imeneyi basi."

Mayiwo sanapite nayo kushopu. Anayala nyuzipepala patebulo lodyera, nazula kachipesoko mosamala ndi chowotcherera, n'kuitana amuna awo.

"Bambo, tandigwirirani aka, kakungoterereka."

Ha! Mukanawaona a Sipanala. Anakoka mpando, napukuta dzanja lawo lamoyo pa malaya, n'kukatsina kachipesoko ngati dokotala wa opaleshoni. Chidwalireni, palibe amene anali atawapemphapo kugwira chitsulo chilichonse. Anayamba kuimba mluzu, thukuta lili kamukamu pamphumi, kwinaku akulangiza ntchito imene sankaidziwa n'komwe.

Ntchito yake ndi yofuna kudekha, ija amati kuona maso a nkhono. Umakhudza ndi mawaya a mita dzino loyamba ndi lachiwiri, loyamba ndi lachitatu, mpaka kumapeto, n'kuyambiranso pa lachiwiri. Pena mita imangokhala chete, kusonyeza kuti mano amenewo sadziwana. Pena manambala awiri ukawaphatikiza amafanana ndi lachitatu, ndiye umadziwa kuti marezisita awiriwo amakumana pa dzino limodzi. Mayi Mita ankatchula nambala n'kujambula, a Sipanala n'kumavomera kuti "Eyaa, ndimaganizanso choncho," mpaka chithunzi cha m'kati monse chinaonekera. Anasankha marezisita m'timabotolo tawo, nawawotcherera pa kabolodi kakang'ono ka miyendo khumi, n'kukaika m'malo mwa kakufa kaja, nabwezera kompyutayo m'galimoto yobiriwira ija.

Lachisanu masana anabwereka batire kwa oyandikana nawo, nasintha mafuta akale. Mayi Mita atapotoza kiyi, injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka vuuu! Makoswe anabalalika, akazi a nyumba yoyandikana anatuluka ndi thovu la sopo m'manja, ndipo a Sipanala ankamenya boneti akufuula kuti, "Mwanamveratu! Mwanamveratu mawu akewo!"

Koma injini itangotentha, chisangalalo chinazirala. Ku ekizozi kunayamba kutuluka utsi wakuda bii, injini inanjenjemera, n'kuzima. Anailizanso, inazimanso. Galimoto yotere sikanafika ngakhale pageti.

"Ikumwa mafuta mopitirira," anatero a Sipanala atanunkhiza utsiwo. "Kompyutayo ikunamizidwa."

Mayi Mita anabwerera patebulo ali ndi mantha, poti kunja kukacha linali Loweruka. Amuna awo anatsalira panja, ndiye kachipeso kobwereka kaja anakapana ndi chopanira zovala n'kuyambiranso kuyeza. Manambala onse ankagwirizana ndi oyamba aja, kupatula pa mano awiri a kumapeto, amene amalandira uthenga wochokera ku kachipangizo konunkhiza utsi. Apo mita inasonyeza nambala yaikulu kwambiri kuposa ya poyamba.

Anadzimenya pamphumi. Rezisita ikakhala yaikulu chonchi, magetsi amapeza njira yachidule m'zala za munthu, makamaka zathukuta, ndipo mita imawerenga zonse pamodzi. Lamulo limeneli analiphunzira ali mtsikana. Koma tsiku lija maso awo sanali pa kachipeso, anali pa nkhope ya amuna awo.

Tsono awauza bwanji? Munthu wangoyamba kumene kudziona ngati mmisiri, ndiye umuuze kuti dzanja lake lotsalalo ndi limene laononga ntchito? Ali mkati moganiza, ndodo inagogoda pakhomo.

"Mwapeza chiyani, mayi?"

"Tagwiraninso apa, monga munagwirira paja."

A Sipanala anatsina, nambala inatsika. Anasiya, inakwera. Anatsinanso, inatsikanso. Anayang'ana zala zawo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti munayeza ine?"

"Ndinayeza inu, bambo."

"N'kundiwotcherera mu kompyutamo?"

"Momwemo."

"Aaa, n'chifukwa chake yasusuka! Mwaikamo munthu amene sanakanepo mbale yachiwiri!"

Anaseka mpaka misozi, Mayi Mita atagwira tebulo, a Sipanala akutsokomola ngati injini yawo yomwe. Atatha kuseka, mayiwo anazula rezisita imodzi ija n'kuika yoyenera, ndipo kachipeso ka eni ake anakabwezera bwinobwino mu kompyuta yake. Ulendo uno injini inatentha n'kumangolira mofatsa, utsi osaoneka.

Loweruka m'mawa lole inaima pamsewu, mwana wachisamba ali kutsogolo ndi anthu a maunyolo. Anapeza geti lili lotsegula, injini ikulira, mayi ake ali pachiwongolero atakhalira pilo kuti aone kutsogolo. Iwo kuyendetsa ankadziwa pang'ono chabe, magiya ndiwo ankawasokoneza. Bambo ake anali pampando wa pambali atavala jekete, dzanja lamoyo lili pa giya.

"Pondani kalachi, mayi," anatero a Sipanala. Giya inalowa. "Siyani pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono, ndati!"

Galimoto inadumpha kamodzi, n'kuyenda, n'kutuluka pageti. Mwanayo anangoima kukamwa kuli yasa, maso atadzaza misozi, pakuti chidwalireni anali asanawaonepo bambo ake atakhala mowongoka chotero. A Sipanala anamuyang'ana pawindo.

"Ukuima chiyani, iwe? Abweze anzakowo, ulowe kumbuyo. Amayi akowa sadziwa kuima."

Mwanayo anakweza dzanja kwa a lole, nathamangira galimotoyo, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo ikuyenda.