Nsapato Imodzi, Mayina Asanu

Bambo Overtone Chikakuda anaphunzitsa Chingerezi zaka khumi ndi zinayi pa sekondale ina ku Mulanje. Pokwera ndege yobwera ku Canada ankaopa chisanu chokha, chilankhulo ayi.

Chinawapunthwitsa ndi kalata yochokera kusukulu ya mwana wawo Sungeni ku Etobicoke, yopempha "indoor runners" Lolemba. Iwo anakhala pansi n'kuyankha m'Chingerezi chosalala kuti Sungeni sali m'gulu la othamanga, amakonda kuimba. Mphunzitsi anawaimbira foni akudziletsa kuseka. Ankangofuna nsapato zoti mwanayo azivala m'kalasi, zamatope zizitsala pakhomo.

Manyazi anawagwira tsiku limodzi lokha. Kuyambira pamenepo, akamva mawu achilendo amamuimitsa mwini wake n'kufunsa kuti, "Kwanu n'kuti, ndipo chimenecho n'chiyani?"

Lero ali ndi zaka 54, ndipo amagwira ntchito ku Mississauga, mu ofesi ya kampani yofufuza zikwama zosokera za apaulendo a pandege. Munthu akangotchula nsapato zothamangira zomwe zili m'chikwama chake, a Chikakuda adziwa kale kumene wachokera. Wa "trainers" ndi wa ku Britain. Wa "sneakers" nthawi zambiri ndi wa cha ku New York, pomwe Amereka ena amati "tennis shoes" ngakhale sanapondepo pabwalo la tenesi. Wa "runners" ndi wa konkuno. Salakwitsa kawirikawiri, ndipo akalakwitsa amakondwa, poti aphunzirapo china.

Mwezi wa Febuluwale chaka chatha kunabwera Mwangala, namwino wa ku Markham wochokera ku Lusaka, atagwira mayi ake pamkono. Mayiwo anali atafika masiku anayi apitawo, koma chikwama chawo chinaduka chizindikiro panjira. Priscilla, mnzawo wa a Chikakuda pa kauntala, anali atafufuza mpaka kutopa pa kompyuta, pamene amalembapo zopezeka m'zikwama zopanda chizindikiro.

"Palibe, pepani," anatero Priscilla m'Chingerezi. "Tidikire sabata ina."

Mwangala anatembenukira kwa mayi ake n'kudandaula m'Chinyanja. "Nanga muzayenda bwanji? Nsapato zija tinachita kupangitsa."

A Chikakuda anadzuka pampando. "Pepani amayi, ndamva nawo. Nsapato zake n'zotani?"

Mayiwo anawayang'ana modabwa, kenako anamasuka. Anafotokoza kuti mwendo wawo wamanzere ndi waufupi, ndipo nsapato ya mwendo umenewo anaikweza chidendene. Zomwe anavala paulendo zinali zakale, zinkawapweteketsa chiuno.

A Chikakuda anatenga fomu imene Mwangala analemba. Panali "takkies", "jerseys" ziwiri ndi "chitenge" zitatu.

"Priscilla, unafufuza chiyani?"

"Malaya a mpira. Mawu enawo kompyuta sikuwadziwa."

"Kwa amayiwa jersey ndi juzi yachisanu. Takkies ndi ma runners ako omwewa, dzinalo ndi lakumwera kwa Africa. Tsono taganiza, munthu wobadwira ku Toronto atatsegula chikwama n'kuona chitenje, angalembe kuti chiyani?"

Priscilla anaganiza pang'ono. "Nsalu ya patebulo?"

"Lemba zimenezo."

Chikwama chinatuluka pa kompyuta nthawi yomweyo, shelefu ya nambala 17. A Chikakuda anakachitenga okha. Atatsegula zipi, nsapato zakuda zinali pamwamba penipeni, imodzi yokwera kuposa inzake.

Mayiwo sanadikire kufika kunyumba. Anakhala pa benchi, navula zakale zija, navala zawo. Ataimirira anamukankha pang'ono Mwangala kuti awasiye, n'kuyenda okha mpaka pakhomo ndi kubwerera.

"Imwe atate, Mulungu akudalitseni. Nsalu ya patebulo! Chitenje changa cha ku chechi!"

Onse anaseka, ngakhale Priscilla amene anachita kumasuliridwa.

Mwangala ndi mayi ake atatuluka, panafika mwamuna wina wamtali wochokera ku Regina, nanena kuti m'chikwama chake muli "bunny hug" yobiriwira. Priscilla anayang'ana a Chikakuda. Iwo anapukusa mutu akumwetulira, nasendera pafupi ndi kauntala.

"Bwana, limenelo sindinalimvepo. Amavala, kapena amadya?"

"Amavala," anayankha mwamunayo. "Ndi juzi ya chipewa."

"Chabwino. Priscilla, fufuza hoodie."