Nkhadze m'maso mwa abambo anga

A Kamtedza, aja amayala mankhwala pa chiguduli pamsika wa Lizulu, ndiwo anapha maso a abambo anga. Dzina ndalitchula dala. Akafuna akandisumire kwa Bwana Disi.

Abambo anabwera kuchokera ku Joni maso ali psuu ndi fumbi la mumgodi. Koma ankaona. Ulusi ankalowetsa okha pa singano. Amayi anali ku Bwanje kodwazika mchemwali wawo, ndiye Loweruka ndinapita ine kumsika.

Ndinawafotokozera a Kamtedza bwinobwino. Iwo osandiyang'ana n'komwe, ali kalikiliki kutsatsa mankhwala a mwayi kwa anyamata opita kumigodi ya ku Joni pa Wenela. Kenako anasolola timitengo tobiriwira, topanda masamba, todula kale. Akuti ndi chingwe, chomera chija chimayanga m'miyala ya kumapiri. Akuti ndithyole, mkaka wake ndidonthezere m'maso, pofika Lolemba mdala adzaona nsabwe ili patsidya.

Ndinati, nanga simulawa? Ndani sadziwa kuti wopereka mankhwala amayamba walawa yekha?

"Iwe mphwanga, mankhwala a m'maso n'kulawa? Lilime langali lili ndi maso?"

Msika wonse unaseka. Ndinalipira, n'kunyamuka nato.

Abambo anagona chagada pamkeka, ine n'kudontheza. Kukuwa kotero sindinakumvepo kwa munthu wamkulu. Tinatsuka ndi madzi, tinatsuka ndi mkaka wa ng'ombe. Kuchipatala adresa, othandizira adokotala aja, anangopukusa mutu.

Amayi atabwera anatola kamtengo kotsala, n'kukhudzitsa kunsonga ya lilime, n'kulavula. "Mwanawe, iyi ndi nkhadze." Anati chingwe chija n'cholobodoka, sichiima chokha, nthambi zake zimaphuka pa mfundo, ndipo mkaka wake umangowawasa. Nkhadze imaima ngati mtengo, kunsonga imakhala ndi timasamba tating'ono tosachedwa kuyoyoka, koma mkaka wake ndi moto. Zikadulidwa n'kuikidwa pa chiguduli zimafanana. Si chifukwa chake amalawa?

Nanga anakaithyola kuti? Kumapiri n'kutali, miyendo ya a Kamtedza ndi yachifumu. Nkhadze ili pafupi, yozungulira manda kuseri kwa msika. Ndinapitako. Podula paja ndinapaona, utomoni utauma. Mankhwala a anthu amoyo kukatenga kwa akufa!

Tsopano abambo amakhala pakhonde, dzuwa lili paliwombo, n'kumafunsa ngati kwacha. Akuti abwerera pansi. Akuti nyali yawo yazima. Amaitana Jemusi ndi Sandikonda, anzawo amene mwala unawagwera mumgodi, n'kutchera khutu. Kenako amayankha: "Eya, ndamva, dikirani." Ndikabwera ndi phala amandigwira dzanja, lomwe lija linadontheza, n'kunong'ona: "Chikepe chotikweza kumtunda chafika?" Ndiwayankhe kuti chiyani?

Loweruka lapitali ndinabwerera ku Lizulu. Timitengo tomwe tija tili mbwee pa chiguduli. Mayi wina atagwada pomwepo, mwana wamanthongo kumsana, akumasula mfundo ya nsalu kuti alipire. Ndinamulanda kamtengoko. Ndinakathyola pamaso pawo, mkaka uli chuu m'zala zanga. Nthawi ino palibe anaseka.

"A Kamtedza," ndinatero, "munati lilime lanu lilibe maso. Chabwino. Koma maso muli nawo awiri, abwinobwino. Gonani chagada apa anthu akuona. Kudontheza ndimakutha, munandiphunzitsa ndinu."