Beseni la alamu anga

Mwana wanga woyamba ndidabereka chaka chomwe tidavota koyamba pa zipani zambiri, chisanu chitangoyamba. Ine kwathu ndi ku Bwanje, kotentha, kolima mpunga. Ukwati ndiwo udandikweza kumtunda, kumudzi kwa amuna anga kufupi ndi Nsipe. Mwanayo adabadwa wamkulu, moti kuchipatala adandisoka. Potuluka, anamwino adandiuza kuti ndizikhala m'madzi ofunda othira mchere m'mawa ndi madzulo, ndipo thupi likatentha ndibwerere msanga. Ndidavomera, koma kunyumba sindidauze munthu. Nanga mtengwa wa dzulodzulo akadayamba bwanji kuwauza apongozi za malo otere?

Masiku atatu ndidalimba nazo. Pamphasa ndinkakhalira mbali imodzi, poyamwitsa misozi ili chuchuchu, anthu n'kumati ndapukwa kwathu.

Amene adazindikira ndi alamu anga, achemwali awo a amuna anga, mayi wamtali wa mawu aakulu amene ankagulitsa mbatata ya kachewere kumsewu waukulu. Ukwati wawo udatha kalekale ndipo ankakhala okha kuseri kwa khola. Adandiona ndikuchokera kuchimbudzi nditagwirira khoma.

"Alamu, mukuyenda ngati mwaponda minga bwanji? Adakusokani?"

Ine maso pansi.

"Ndiye mwangokhala duu mpaka lero? Mudzafa ndi manyazi inu!"

Tsiku limenelo kumsewu sadapite. Adathyola nsonga za masamba a gwafa, nawiritsa mumphika mpaka madzi adachita bii ngati tiyi. Adasefa pansalu yoyera, kuthira kamchere, kenaka adatulutsa m'nyumba mwawo beseni lachitsulo loyera, la mkombero wobiriwira, lopanda ndi pokalika pomwe. Adaliika m'bafa yathu ya udzu, nayesa madziwo ndi chigongono.

"Khalanimo. Mukakuwa, kuwani pang'ono, kuli amuna kunjaku."

Poyamba padaluma mpaka ndidakukuta mano. Kenaka kufunda kuja kudalowerera, msana udamasuka, ndipo ndidapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Nthunzi inkakwera m'mphepo ya m'mawa ikununkhira gwafa. Alamu adaima pakhomo la bafa atandifulatira, khanda lili m'manja, akundisimbira za kumsewu: za amayi ena amene m'mawa ankavala nsalu ya chipani china, masana ya china, malinga ndi galimoto yomwe yaima. Ndidaseka mpaka ulusi udandikoka.

"Musandiseketse, alamu, ndiphulika!"

"Mukaphulika tisokanso. Singano ndili nayo."

Zidatero m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri. Amayi anga atabwera kuchokera kuchigwa ndi mpunga pamutu, adatenganso masamba a nimu, ati amenewo ndiwo mankhwala enieni. Alamu adati zowawa zotere n'za anthu a kotentha. Adakangana mpaka madzi adazizira, mapeto ake adaphatikiza zonse mumphika umodzi, aliyense akuti wapambana.

Tsiku lina ndikuyanika beseni lija pathandala, apongozi anga adaima n'kuliyang'anitsitsa.

"Alamu anu alitulutsa?" adafunsa chapansipansi.

Ndi pamene adandiuza. Alamu adaligula ali ndi pakati, kuti azidzasambitsiramo mwana. Mwanayo adangokhala masiku awiri, ndipo wina sadabwerenso. Kuyambira pamenepo beseni lidali pansi pa bedi, ngakhale mayi awo omwe sankaloledwa kulikhudza.

Madzulo ake ndidalephera kukhalamo. Ndidati mwina tibwereke lina.

"Akuuzani eti?" adatero alamu. Adapukuta manja pachitenje. "Beseni ntchito yake ndi madzi, alamu. Dzimbiri lingalidye ndikuona? Khalanimo, azizira."

Ndidakhalamo. Tsiku limenelo sadasimbe za kumsewu. Ankangomuyimbira mwana motsitsa mawu.

Nditabwerera kusikelo, anamwino adati bala lapola bwino. Mwana atakhwima khosi ndidayamba kuwaperekeza alamu kokagulitsa mbatata. Ine ndinkaunjika milu, iwo n'kumathamangira maminibasi, mwana wanga ali kumsana kwawo. Ogula ena ankati, "Mayi, mwana wanuyu wakufananitu mphumi!" Alamu sankatsutsa. Ankangondiponyera diso, n'kumuwonjezera wogulayo mbatata ziwiri za basera.