Kope limene sindinalitulutse ku seshoni

Nkhani ya wapolisi wofufuza milandu uja ndinalemba ndine, ndipo zanditengera zaka kuti ndinene zimenezi osayang'ana kukhomo. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru. Ndinkalemba m'kope pa nthawi ya buleki, anzanga akudya miseche pansi pa mtengo wa mango. Wapolisi wangayo sankavala yunifomu. Ankayenda pa njinga yokutha, ndipo akuba ankawagwira ndi tinthu tonyozeka. M'nkhani yoyamba fodya wa mayi wamasiye wabedwa m'chigafa, iye n'kuzindikira wakubayo poona mfundo za pa fodyayo, kuti anamanga ndi munthu wamanzere.

Sindinapeke zonse. M'mawa wina ndikupita kumjigo, ndinapeza mkulu wina wa mpingo wathu akukweza fodya m'ngolo kuseri kwa chigafa cha mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu. Anali amanzere, olankhula motsitsa, ndipo anthu ankanong'ona kuti wokangana nawo sachedwa kudwala. Anandiona, nanenso ndinawaona, tinapatsana moni ngati palibe kanthu. Mayi uja analira sabata yathunthu, ine pakamwa ndinasoka. Mantha angawo ndinakawathira m'kope, ndipo mopusa dzina la mkuluyo ndinalilemba mmene lilili, tsamba ndi tsamba.

Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, ankachita zisudzo m'tauni. Atabwera nthawi yokolola anaiwerenga nkhaniyo, naikonda. Anati akaionetse kwa anthu ojambula masewero a pa TV. Ndinamulola kuti akopere ndi dzanja lake, maina onse asinthe, kope langa n'kubwerera m'sutikesi.

Ojambulawo anakajambulira ku Kabudula gawo limodzi loyesera, loti likakondedwa apitirize. Tinakaonera Lamlungu masana m'golosale ina pa Nsaru, TV ikuyendera batire ya galimoto, anthu atathithikana mpaka pawindo. Wapolisi wanga atatulukira pa njinga yake, misozi inalengeza m'maso mwanga. Kumapeto kunadutsa maina. Wolemba anali mlamu wanga. Ndinadikira mpaka dzina la wonyamula nyali, langa osaoneka.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinamulalatira pamaso pa apongozi anga. Iye anangoti zolemba m'kope si kanema, amene anavutika kugogoda m'maofesi ndi iyeyo. Ndinati ndikamusumira m'tauni. Amuna anga anakana kwamtuwagalu, amvekere Akhristu satengerana kukhoti, makamaka a nyumba imodzi, nkhani ipite ku seshoni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo. Ndinavomera ndili wotentha. Ndinkadziwa kuti mkulu uja amakhala nawo pa bwalolo, koma ndinkaganiza kuti ndikangoonetsa abusa chikuto ndi zolemba za dzanja langa, zikathera pomwepo.

Loweruka la mlanduwo kopelo ndinalimangirira m'chiuno, mkati mwa chitenje. Titalowa, ndinapeza kuti mlembi wa seshoni wapita kumaliro, ndipo amene agwira cholembera m'malo mwake ndi mkulu yemwe uja. Abusa anatsegula ndi pemphero, kenako anakumbutsa mwambo wa bwalolo, umene ine sindinkaudziwa: pepala lililonse lobwera ngati umboni, mlembi amaliwerenga mokweza kuchokera poyamba mpaka pomaliza, ndipo limatsala m'manja mwa seshoni.

Mlamu wanga analankhula zake, koma sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinkangomva kopelo likundikanda pamimba, thukuta likulinyowetsa. Ndinkaganiza za ana anga awiri, amene popita kusukulu ankadutsa m'mphepete mwa munda wa mkuluyo tsiku ndi tsiku.

"Mayi, tamva kuti muli ndi kope," anatero abusa. "Apatseni alembi atiwerengere."

Mkuluyo anatambasula dzanja, akumwetulira. "Bweretsani, mayi. Sewero lija nanenso ndinaonera. Ndikufuna ndimudziwe munthu wa maso akuthwa chonchi m'mudzi mwathu muno."

Sindikudziwa ngati ena anamvamo kanthu m'mawu amenewo. Ndinayang'ana mlamu wanga, amene maina anasintha ndi dzanja lake, ndipo ndinaona kuti nayenso wakumbukira dzina limene lili m'kopemo. Sanandithandize, ndipo sindikudziwa kuti akanandithandiza bwanji.

"Kope kulibe, abusa," ndinatero. "Sindinalembe ine. Inali nsanje chabe."

Amuna anga, amene anandiona ndikulimangirira kopelo m'mawa, anaweramitsa mutu. Abusa anapuma mozama, nanena kuti kunamizira mbale ndi tchimo lalikulu, makamaka kwa mphunzitsi amene ana amamuonera. Anandiuza kuti ndipepese. Ndinagwada pa simenti, kope lili m'chiuno, n'kupepesa kwa munthu amene anandibera. Iye anati wandikhululukira, maso ali pakhoma. Mkulu uja zonsezi ankazilemba bwinobwino m'buku la seshoni.

Anandiimitsa ku Mgonero. Tsiku la Mgonero wotsatira ndinakhala pa benchi ya kumbuyo, pamodzi ndi ena olakwa, ndipo amene anabwera ndi mbale ya mkate, n'kundidumpha, anali mkulu yemwe uja.