Maria wa pakhoma lathu anakhala pansi

Amuna anga anali wolemba zikwangwani. Kuyambira pa boma la Chongwe mpaka chakufupi ndi Lusaka, mukaona botolo la mowa pakhoma la thaveni, kapena mutu wometedwa bwino pachitseko cha ometa, linali dzanja lawo. Kukakhala msonkhano a chipani ankadzawatenga kuti akalembe mawu akuluakulu pansalu, ndipo poti chipani chinali chimodzi chokha, wokana analibe kolowera. Ankalemba ndithu, koma kunyumba ankafika ali ndwii. Iwo ankalakalaka kujambula chinthu choti munthu aime n'kuchiyang'ana, osati kungowerengapo mtengo wa mowa.

Mwayi unabwera titamanga katchalitchi kathu ka kumudzi, kamene ansembe a ku mishoni ya Kasisi ankabwerako mwa apo ndi apo pa njinga yamoto. Ansembewo anawapatsa penti yotsala ku mishoni, nati ajambule Yesu pamtanda ndi amayi ake pakhoma la kutsogolo, ntchito ithe Lachisanu Loyera lisanafike. Amuna anga anatchinga khomalo ndi masaka, osalola munthu kusuzumira, ngakhale ine. Ndinkangowapititsira mbatata n'kumawaseka kuti akwatira khoma.

Tsiku lochotsa masaka kunabwera akuluakulu a komiti ya tchalitchi, ine ndinaima kumbuyo kwawo. Pa Yesu panalibe wodandaula. Nkhani inali pa Maria. Pa zithunzi za ku mishoni amakhala ataimirira, manja atapinda, chovala chosada ngakhale pang'ono. Uyu anali atakhala padothi, miyendo atatambasula, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Duku linali litapendekeka, nsalu ina itamangidwa zolimba pamimba, manja atangogwera pamiyendo. Kumbuyo kwake kunali mayi wina atamugwira msana.

Chitenje chimene Maria anavala ndinachidziwa. Chinali changa, chachikasu cha masamba akuda, chimene ndinavala pamaliro a mwana wathu woyamba, amene anatisiya ndi chikuku. Pamaliro amenewo amuna anga anakhala panja ndi amuna anzawo monga mwa mwambo, ndipo pambuyo pake sanatchulepo za mwanayo. Ine ndinkati mumtima, munthu uyu sanandione n'komwe mmene ndinavutikira.

Wapampando wa komiti, bambo wokonda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, anayamba kuloza ndi ndodo.

"Manje ichi nichani? Amai ba Ambuye bankale pansi monga muzimai wogulitsa matomato pa maliketi? Balibe na nsapato!"

"Ba cheyamani, mwana wao wafa," anatero amuna anga motsitsa mawu.

"Ku mishoni baimilila. Imwe muziba kuchila bazungu bamene banabweletsa chalichi?"

Apa ine ndinalowererapo. "Imwe atate, munamuonapo kuti muzimai woimilila pa malilo ya mwana wake?" Anandiuza kuti ndikhale chete poti sindinali wa komiti. A komiti anagwirizana kuti Loweruka apake laimu khoma lonse, ansembe asadzaone zochititsa manyazi pa Pasaka. Thumba la laimulo analiika pakhomo penipeni, ndipo amuna anga tsiku limenelo sanadye.

Lachisanu masana anthu anabwera kuchokera m'midzi yonse. Oyamba kulowa anali amayi a kutsidya kwa mtsinje, amene za mkanganowo sanazimve. Anafika akuimba, koma atangoponya maso pakhoma nyimbo inadukira pakamwa. Anawerama, nayenda chowerama choncho kudutsa mabenchi onse, nakakhala padothi pansi pa chithunzicho, miyendo atatambasula. Palibe anawauza. Kwathu kuno ukapeza namfedwa atakhala pansi, sukhala pamwamba kumuposa. Ife enafe tinatsatira. Mayi wina anayamba kulira chapansipansi, akuitana mwana wake amene anamuika kalekale, kenako wina, kenako tonse.

Amuna ataona kuti mkati mwadzaza amayi olira, anachita zimene amachita pamaliro alionse. Anavula zipewa n'kukakhala panja pansi pa mtengo. Akatekisiti anasowa pogwira, mpaka anangoima pakhomo kuti mapemphero amveke mbali zonse. Pamabenchi panatsala munthu mmodzi, wapampando ndi jekete yake. Anapirira kanthawi, akuyang'ana uku ndi uku, kenako ananyamuka mwakachetechete nakakhala pa muzu pamodzi ndi anzake.

Ndili mkati molira ndinamva manja akundigwira msana. Anali akazi a wapampando yemweyo. "Nakuzibani, ni imwe," anandinong'oneza. "Lilani chabe, nakugwilani." Ndinalira tsiku limenelo kuposa pamaliro penipeni, ndipo sindinachite manyazi.

Loweruka laimu anagwira ntchito ndithu. Wapampando anapaka yekha miyala ya m'mbali mwa njira kuti ansembe adzapeze poyera, ndipo za khoma sanazitchulenso. Ine pochokera ku tchalitchi ndinayenda pambali pa amuna anga pamsewu, osati kumbuyo, kuti aliyense aone kuti wojambulayo ndi wanga. Kunyada ndinanyada, ndipo mpaka lero ndikalowa mmenemo ndimanyadabe. Zithunzi za m'mabuku ndaziona zambiri, zokongola kuposa chathu, koma sindinamvepo kuti china chinatsitsa anthu pabenchi.

Titafika kunyumba ndinawapatsa madzi osamba m'manja, ndipo ndinafunsa chimene chinandikhala pakhosi sabata yonse.

"Kansi munaniona tsiku lija?"

Anayang'ana penti ya m'zikhadabo zawo kwa nthawi.

"Nenze panja," anatero, "koma chitseko chenze chosegula."