Galimoto timachita kuliza

Mwana wanga wamkazi akafuna kundilanda chinthu amayamba wandipatsa mphatso. Anatengera mayi ake. Ndiye tsiku lomwe anafika kwathu ku Beaumont Leys, kuno ku Leicester, mano onse ali pamtunda, ndinadziwiratu kuti makiyi a galimoto yanga ali m'madzi. N'kuti sabata yapitayo nditakhulitsa galimotoyo kuchipupa cha tchalitchi. Chipupacho ndicho chinasuntha, koma palibe anandikhulupirira.

“Adadi, takubukirani galimoto ya mpikisano, mukayendetse nokha,” anatero. “Koma pobwerako makiyi anu mundipatsa. Maso anuwa atopa.”

Ine ndakalambira pachiwongolero. Kumudzi ndinkayendetsa malole a fodya, kuno ndinagwira vani yogawa buledi m'mashopu a ku Belgrave. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma giya sindinaiphonyepo. Ndinavomera mphatsoyo. Za makiyi ndinangoti tikaonera komweko, mumtima ndikuti ndikamuonetsa mwanayu kuti nkhalamba idakalipo.

Anatitenga mkamwini wanga, mnyamata wa ku Lusaka amene galimoto amati motoka. Malowo ndi bwalo lakale la ndege kunja kwa Leicester, nkhosa uku ndi uku, mphepo yolowa mpaka m'mano. Mayi wolandira alendo pachipata anandilonjera kuti “bakha wanga,” monga amachitira anthu akuno. Zaka zonsezi sindinafunsebe chimene anthuwa amaona pa kayendedwe kanga.

Panaima galimoto ziwiri, zonse zazifupi zondilekeza m'chiuno. Ina yotuwa ngati phulusa, yamagetsi. Ina yofiira psuu, ya ku Italy. Anati ndisankhe imodzi.

“Atate, tengani yotuwa,” anatero mkamwini, foni ili m'manja. “Iyi motoka ni yoipa! Ikanyamuka, yofiira iyo isala monga njinga.”

“Tikuthamangira kuti, akamwini? Kuli maliro?”

“Manambala sanama, atate.”

“Inunso pofunsira mwana wangayu munabwera ndi manambala?”

Ndinati ndiyambe ndaonerera anzanga. Yotuwa ija ikanyamuka inkangoti zii, wayang'ana uku yafika kale kutsidya. Otsikamo ankatuluka atagwira pamimba, nkhope ngati auzidwa zotsatira za kuchipatala. Yofiira inkatsalira ndithu, mkamwini sananame. Koma inkakuwa, kutsokomola, kuombera ngati ikukangana ndi mwini wake, ndipo otsikamo ankatuluka akuseka okha ngati ana. Zinandizunguza mutu. Wopambana akutsika wodwala, wogonja akutsika wokondwa. Mpikisano wanji umenewu?

Ndinafunsa mphunzitsi wa pamenepo, mzungu waimvi ngati ine ndemwe, kuti yabwino ndi iti.

“Yotuwayo sikusowa inu,” anandiyankha. “Ngakhale mulakwitse imakonza yokha osakuuzani. Yofiirayi mukailakwira bwalo lonse limva.”

Ndinapita pa yotuwa. “Akamwini, auzeni ailize ndiimve.”

“Yayaka kudala, atate, kalekale.”

“Sindinati ayatse. Ndati alize.”

Ndinagunditsa khutu pachitsulo chake. Chete! Paja kwathu galimoto timachita kuliza. Ikakana m'mawa timati yakana kulira, anthu n'kubwera kudzakankha. Ngakhale mwana akabadwa osalira azamba sakhala pansi. Tsono ichi chinthu chothamanga kuposa zonse, koma chosalira, ndichitche chiyani? Ndinaloza yofiira.

Kulowamo kunali ngati kulowa m'mtondo. Anachita kundipinda anthu awiri, mwana wanga akujambula m'malo mothandiza. Mphunzitsi anakhala pambali panga n'kundilozera batani lofiira. Nditalidina, kumsana kwanga kunabangula chinthu, mpando wonse kunjenjemera, nkhosa kutsidya kubalalika. Ndinaimva m'mano, m'nthiti, mpaka m'mabondo amene adokotala anati anatha. Ndinakumbuka lole ina yakale imene inkandiuza ndi mawu kuti mtunda wa Dedza wayandikira ine ndisanauone.

Tinanyamuka. Magiya ake ndi timakutu tiwiri kuseri kwa chiwongolero, koma ine ndinaisiya pa giya yotsika kuti ilire bwino.

“Sinthani giya, bwana,” anatero mphunzitsi.

Chizungu chinandithawa mwadzidzidzi. Chimatero ndikafuna.

“Bwana, ikukupemphani!”

Ndinasintha. Inatsokomola kamodzi n'kuyamba nyimbo ina yokwera. Pamsewu wowongoka ndinaponda ndithu, ndipo ndinamva munthu akukuwa m'Chichewa. Anali ine.

“Buleki! Buleki!” anakuwa mphunzitsi.

Ndinaponda buleki chifukwa chomvera, osati chifukwa choona. Tizipilala tofiirira tosonyeza kona ndinationa titafika kale pamphuno. Ndisanapume, chinthu chotuwa chinadutsa kumanja kwanga, fyuu, n'kuzimirira.

“Chimenecho n'chiyani?”

“Ndi inzake ija. Yakhala kumbuyo kwathu kuyambira kona yapita, ndinakuuzani kuti muipatse njira. Simunaione pagalasi?”

Sindinaione. Sindinaimvenso. Apo m'pamene ndinazindikira chimene mwana wanga sankachidziwa n'komwe: zaka zingapo zapitazi ndakhala ndikuyendetsa ndi makutu. Basi ndimaimva, njinga yamoto ndimaimva, vani yotopa ndimaimvera kutali. Koma masiku ano mumsewu wa ku Wigston mwadzaza zosalirazi, zoyenda mwakachetechete ngati mphaka. Tsiku lina chidzatulukira pakona china chotere, kapena mwana wa munthu pa njinga yamagetsi, ndipo pambali panga sipadzakhala mzungu wokuwa kuti buleki.

Chigawo chotsalacho ndinayenda pang'onopang'ono, pa giya yotsika, ndikuimvetsera. Mphunzitsi sananenenso za kusintha.

Atandisolola m'galimotomo, mkamwini anathamangira ndi foni yake.

“Atate, akuti lelo lonse kulibe wayenda pang'ono kupambana imwe!”

“Ndiye kuti ndakhalamo nthawi yaitali kuposa onse. Wadyerera ndani?”

Mwana wanga sanaseke. Anali chiimire, manja m'thumba la jekete, akuyembekezera mkangano umene anaukonzekera sabata yonse. Ndinapisa m'thumba n'kumuika makiyi m'manja. Anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

“Adadi, mwadwala?”

“Iwe, tenga ndisanasinthe maganizo. Koma galimotoyo usaigulitse msanga. Loweruka lililonse uzibwera nawo makiyiwo.”

“Kuti mupite kuti?”

“Palibe. Ndiziiliza pakhomo pomwepo, ingaiwale mawu.”

Amabwera nawodi. Ndimakhala pampando, buleki yamanja ili chikokere, iye ataima pawindo ngati wapolisi. Kagalimoto kangako kamalira ngati mbuzi ya chimfine, ndipo mkamwini akuti manambala ake ndi ochititsa manyazi. Ndimamuuza kuti aiyandikire, aike khutu.